PHUNZIRO: KODI MAWU OTI "WILO" ANACHOKERA KUTI?



Phunziro lathu ulendo uno ndi la mawu amodzi okha, ndiponso ndi mawu obwereka. Tonse tinawamvapo mawu oti wilo. Timawamva pa wailesi, timawamva ku ofesi ya DC, koma makamaka timawamva pa siwa, usiku, nyimbo zikaduka pang'ono anthu n'kuyamba kunong'onezana kuti, "Kodi malemuwa anasiya wilo?" Chodabwitsa n'chakuti mawu omwewa mukawatchula pakhomo anthu onse ali moyo ndi athanzi, nkhope zimasintha. Mayi wina anatiuza pa msonkhano kuti tsiku lina madzulo anaiyamba nkhaniyi akudya, ndipo bambo a kunyumba kwawo anaima mbamu ili m'manja n'kufunsa kuti, "Mayi a ana, mwandionera chiyani? Mwamva kuti ndikufa liti?" Tonse tinaseka, koma mwini nkhaniyo sanaseke. Anati chiyambire tsiku limenelo sanaitchulenso.

Ambiri timakhulupirira kuti kulemba wilo ndi kudziitanira imfa. Tsono popeza mawuwa si athu, ndi bwino tifufuze kuti eni ake ankatanthauza chiyani, ndiponso kuti mawuwo anayenda bwanji mpaka kudzafika kwathu kuno. Nkhani yake ititengera ku England, ndipo muona kuti amayi alimo kuyambira pachiyambi.

Tanthauzo lenileni

Wilo ndi mawu a Chingerezi oti *will*. Ife tinangowonjezera "o" kumapeto monga tinachitira ndi tebulo, chifukwa lilime lathu silikonda kuti mawu athere m'malere. M'Chingerezi chakale, chimene chinkalankhulidwa ku England zaka zoposa 1000 zapitazo, mawuwa anali *willa*, ndipo ankatanthauza chifuniro, kufuna, chimene mtima wa munthu watsimikiza. Ali ndi abale m'zinenero zina za ku Ulaya. Ajeremani amati *Wille*, ndipo m'Chilatini munali *velle*, kufuna, ndi *voluntas*, chifuniro. Ku *voluntas* kumeneku n'kumene kunachokera mawu ena amene tinabwerekanso, aja oti mavolontiya, anthu ogwira ntchito mwa kufuna kwawo. Choncho wilo ndi volontiya ndi a mbumba imodzi, ngakhale nkhope sizikufanana.

Amene tinafikako ku sukulu tikukumbukira aphunzitsi akutiuza kuti *will* ndi kamawu kosonyeza za m'tsogolo, monga ife timati "ndidzapita". N'zoona, koma imeneyo ndi ntchito imene mawuwa anaipeza pambuyo pake. Poyamba Mngerezi akati *I will go* ankatanthauza kuti "ndikufuna kupita". M'kupita kwa zaka kufunako kunazilala, n'kutsala za m'tsogolo zokha. Zisatidabwitse, pakuti nafenso timatero. Tikati "khoma likufuna kugwa" sitikunena kuti khoma lili ndi mtima wolakalaka kugwa.

Amene muli ndi ana kapena adzukulu a dzina loti William dziwani kuti gawo loyamba la dzinalo ndi mawu omwewa, ndipo gawo lachiwiri ndi chisoti chimene asilikali ankavala ku nkhondo. Komanso m'Pemphero la Ambuye, pamalo paja timapempha za kufuna kwa Mulungu, Chingerezi chimagwiritsa ntchito mawu omwewa oti *will*, ndipo Angerezi akale ankati *willa* pamalo pomwepo. Ndiye kuti anthu amene amapemphera m'Chingerezi amawatchula mawuwa tsiku ndi tsiku popanda kuopa kalikonse.

Muona tsono kuti m'mawuwa mulibe imfa, mulibe manda, mulibenso matenda. Munthu wakufa safuna kanthu. Wofuna ndi wamoyo.

Poyamba anali mawu apakamwa

Nthawi imene Angerezi ankati *willa*, kugawa chuma cha masiye sankakutcha ndi dzina limeneli ayi. Ankati *cwide*, kutanthauza chonena, mawu olankhulidwa. Munthu ankaitana anthu odalirika n'kunena pamaso pawo kuti munda wakuti upite kwa uje, ng'ombe kwa uje. Mphamvu inali m'kulankhulako ndi mwa anthu amene anamva. Cholembedwa chinkabwera ngati chikumbutso, ndipo nthawi zambiri ankalemba mawu omwewo kawiri kapena katatu pa chikopa chimodzi, n'kuchidula, chidutswa china n'kukasunga ku tchalitchi, china kwa mwini wake, kuti wina akadzafuna kusintha adzagwidwe poyerekeza zidutswazo. Mpaka lero Chingerezi chili ndi mawu oti *bequeath*, kusiyira wina chinthu mu wilo, ndipo muzu wake ndi womwewu wa kunena.

Izi si zachilendo kwa ife. Makolo athu akaona kuti mphamvu zatha ankaitana ana, adzukulu ndi mwinimbumba n'kusiya mawu. Palibe ankati agogo akudziitanira imfa. Tinkati ndi munthu wanzeru, wasiya mudzi uli m'malo.

Zikalata zoterezi za nthawi imeneyo zimene zilipobe lero n'zoposa 50, ndipo zina mwa izo ndi za amayi. Chimene chimandigwira mtima ndi cha mayi wina wolemera dzina lake Wynflaed, cha m'ma 950, chimene chikusungidwa ku British Library mu mzinda wa London. Mayiyu anagawa minda yake kwa ana ake, anapereka mphatso ku matchalitchi, koma sanalekere pa zikuluzikulu zokhazo. Anatchula chibangili ndi kachitsulo komangira chovala zoti apatsidwe mwana wake wamkazi. Kwa mdzukulu wake wamkazi anasiya mabokosi awiri, nsalu yake yabwino koposa yotchingira bedi, zofunda, chovala chake chabwino, ndi zikho ziwiri zamtengo zokongoletsedwa. Mukamawerenga mumachita kumuona akuyenda m'nyumba mwake, akuloza chinthu chimodzichimodzi. Ankadziwa chimene tonse tikudziwa, kuti pa maliro anthu sakanganira minda yokha. Amatha kusiya kulankhulana zaka khumi chifukwa cha bulangete kapena mpoto. Tisamuyese woyera mtima kwambiri: anamasula akapolo ake ambiri, koma ena anawapereka ngati katundu, ndipo mdzukulu uja analandira mkazi woomba nsalu ndi mkazi wosoka. Koma mfundo yathu ndi yakuti zaka zoposa 1000 zapitazo mkazi anali ndi chonena pa chuma chake, ndipo chinalembedwa.

Mmene chonenacho chinatayikira

Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo malamulo a malo anayamba kusintha. Malo onse ankatengedwa kuti ndi a mfumu, ndipo akuluakulu ankawagwirizira posinthana ndi ntchito, makamaka ya usilikali. Pofika cha m'ma 1200 lamulo linali litakhazikika kuti munthu sangagawe malo ake mwa kufuna kwake. Akamwalira, malo ankapita kwa mwana wamwamuna woyamba kubadwa. Ana aakazi ankagawana pokhapokha ngati panalibe wamwamuna. Mizinda ina monga London inali ndi miyambo yakeyake, koma kwa ambiri zinali choncho.

Kwa mkazi wokwatiwa zinafika poipa. Lamulo linkamuona ngati waphimbidwa ndi mwamuna wake. Ndalama, ziweto ndi katundu amene wabwera naye m'banja zinkasanduka za mwamuna, ndipo ngati anali ndi malo, woyendetsa anali mwamunayo. Kuti agawe kanthu anayenera kupempha chilolezo kwa mwamuna wake. Namwali wosakwatiwa ndi mayi wamasiye ankatha kugawa katundu wawo, koma mkazi wa pabanja ayi. Mpingo unayesapo kuwaikira kumbuyo amayi. M'zaka za m'ma 1340 John Stratford, Akibishopu wa ku Canterbury, analamula kuti aliyense woletsa mkazi wokwatiwa kugawa katundu wake achotsedwe mu mpingo. Abambo a ku Nyumba ya Malamulo anadandaula mu 1344, ndipo m'kupita kwa nthawi mbali yawo ndi imene inapambana.

Mayi wamasiye yekha ndiye anali ndi kachitetezo. Mu 1215 akuluakulu a dziko anakakamiza Mfumu John kuvomereza chikalata chotchuka chija chotchedwa Magna Carta. Mwa zina chinanena kuti mayi wamasiye alandire gawo lake msanga popanda kulipira kanthu, aloledwe kukhala m'nyumba ya mwamuna wake masiku 40 pamene gawolo likukonzedwa, ndiponso asakakamizidwe kukwatiwanso ngati iye akufuna kukhala yekha. Anachita kulemba zimenezi chifukwa mafumu ankagulitsa ukwati wa amayi amasiye olemera, kapena kuwalipiritsa ndalama zambiri kuti awasiye. Gawo la mayiyo linali limodzi mwa magawo atatu a malo a mwamuna wake, loti adyerepo moyo wake wonse. Masiku 40 aja ankatchedwa *quarantine*, mawu amene tinawamva kwambiri mu 2020 nthawi ya Covid-19, koma m'malamulo a Angerezi tanthauzo lake linali limeneli la nyumba ya mayi wamasiye. Taganizani, ufulu wa masiku 40 okha m'nyumba imene wakhalamo zaka zonse za banja lake, ndipo anauona kuti ndi waukulu mpaka kuulemba m'chikalata cha mfumu.

Mawu achiwiri: testament

Ngakhale malo sankagawidwa, munthu ankaloledwa kugawa katundu wonyamulika: ndalama, ziweto, zovala, ziwiya. Chikalata chake chinkalembedwa m'Chilatini ndipo chinkatchedwa *testamentum*, kumene kunachokera mawu a Chingerezi oti *testament*. Muzu wake ndi *testis*, mboni. Akatswiri a zinenero amati *testis* poyamba ankatanthauza munthu wachitatu woima pambali pa anthu awiri, amene akuona ndi kumva.

Katunduyo ankagawidwa patatu ngati mwamuna wasiya mkazi ndi ana. Gawo limodzi linali la mkazi, lina la ana, ndipo lachitatu lokha ndi limene mwini wake ankatha kuchita nalo zimene akufuna. Ambiri ankalipereka ku tchalitchi ndi kwa osauka pofuna kuthandiza mzimu wawo. Pa chifukwa chimenechi nkhani yonse inali m'manja mwa mpingo. Mabwalo a mabishopu ndiwo ankatsimikiza kuti chikalata ndi choona, ndipo ntchitoyi anaigwira mpaka mu 1858 pamene boma linaitenga n'kuipereka ku khoti lakelake.

Apa ndi pamene fungo la imfa linalowera. Wansembe akaitanidwa kwa wodwala kwambiri ankamva kulapa kwake, ndipo nthawi yomweyo ankamuthandiza kunena za katundu wake, nthawi zina n'kulemba yekha. Kufa osagawa katundu kunkaoneka ngati kufa osalapa. Choncho anthu anazolowera kuti cholembera chikatuluka ndiye kuti zinthu zafika pothina. Mantha amene tili nawo lero, Angerezi analinso nawo. Sanachokere m'tanthauzo la mawu, koma m'chizolowezi chodikira mpaka tsiku lomaliza.

Mmene will anakhalira dzina la chikalata

Anthu a malo sanakhutire ndi lamulo loti zonse zipite kwa mwana woyamba. Nanga ana enawo adya chiyani? Ndiye anapeza njira yozembera. Munthu akadali moyo ankapereka malo ake m'manja mwa anzake angapo odalirika, kuti pa lamulo eni ake akhale iwowo, koma iye n'kumalimabe ndi kudyerapo. Kenako ankalemba pepala lowauza anzakewo zoti adzachite ndi malowo iye akadzapita. Pepala limeneli silinali *testament*, popeza silinkakhudza katundu wonyamulika. M'Chilatini ankalitcha *ultima voluntas*, chifuniro chotsiriza, ndipo m'Chingerezi *last will*. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300 mawu oti *will* anayamba kugwiritsidwa ntchito ngati dzina la chikalata.

Mfumu Henry VIII anaona kuti njira imeneyi ikumutayitsa ndalama zimene ankalandira malo akamalowedwa, ndipo mu 1536 anaitseka ndi lamulo. Eni malo anakwiya kwambiri, moti mu 1540 anagonja n'kuvomereza lamulo lolola anthu kugawa malo awo ambiri kudzera mu wilo. Mapepala awiri aja anaphatikizana kukhala limodzi, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero mukaona wilo yolembedwa ndi loya m'Chingerezi, pamwamba pake pamakhala mawu onse awiri, *last will and testament*. Mawu amodzi ndi a Chingerezi chenicheni, enawo ndi a Chilatini. Amodzi akuti chifuniro, enawo akuti umboni.

Koma patangopita zaka zochepa Nyumba ya Malamulo inawonjezera mawu ofotokozera kuti ufulu umenewu sukukhudza anthu osakwana zaka 21, anthu osokonezeka mutu, ndi akazi okwatiwa. Anatiika m'gulu limenelo, amayi anzanga.

Pa mawilo a nthawi imeneyo, yotchuka ndi ya William Shakespeare, uja ana athu amawerenga masewero ake ku sekondale. Anaisaina mu March 1616 ndipo anamwalira mwezi wotsatira. Mkazi wake Anne anamutchula pamalo amodzi okha, pomusiyira bedi lachiwiri pa ubwino. Anthu ophunzira akhala akukangana zaka zambiri. Ena amati chinali chipongwe. Ena amati bedi labwino koposa linali la alendo, ndipo lachiwirilo ndi limene awiriwo ankagonapo, ndiye chinali chikondi. Ine ndimangoti mlembi wamkulu chotere akanawonjezera mzere umodzi wofotokoza, mkazi wake sakanakhala nkhani ya m'kamwa mwa anthu zaka 400.

Mawilo apakamwa anapitirira kwa nthawi ndithu, koma ankabweretsa milandu, chifukwa mboni zimaiwala, zimafa, ndipo zina zimagulidwa. Mu 1677 lamulo linati wilo yogawa malo ikhale yolembedwa, yosainidwa, ndi mboni zitatu kapena zinayi. Mu 1837 kunabwera lamulo limene maziko ake akugwirabe ntchito ku England: wilo iliyonse ilembedwe, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, ndipo mbonizo zisainenso. Linanenanso kuti mboni, kapena mkazi kapena mwamuna wa mboniyo, sangalandire kanthu mu wilo imene wachitira umboni. Asilikali amene ali pa nkhondo ndi amalinyero amene ali pa nyanja okha ndiwo analoledwa kupitiriza kunena pakamwa.

Akazi okwatiwa anadikirabe. Mu 1870 analoledwa kusunga malipiro a ntchito ya manja awo, ndipo mu 1882 ndi pamene lamulo linawapatsa ufulu wokhala ndi chuma chawochawo ndi kuchigawa monga afunira. Ndiye kuti pamene Mary Sumner ankasonkhanitsa amayi ku Old Alresford mu 1876, amayi a pabanja amene anakhala m'chipinda chija anali asanaulandire ufulu wonsewo. Kuchokera nthawi ya Wynflaed panali patapita zaka zoposa 900.

Zimene Buku la Mapemphero linanena

Pali chinthu chimene ambiri mwa ife Aanglikani sitikuchidziwa. Buku la Mapemphero loyamba la Chingerezi, la mu 1549, limene linakonzedwa motsogozedwa ndi Akibishopu Thomas Cranmer, lili ndi malangizo kwa wansembe pa mwambo woyendera odwala, ndipo malangizowo anasungidwanso m'buku la 1662. Wansembe akuuzidwa kuti afunse wodwalayo ngati ali pa mtendere ndi anthu onse. Kenako, ngati wodwalayo sanakonze za katundu wake, amulimbikitse kulemba wilo, ndiponso kunena poyera ngongole zimene ali nazo ndi zimene ena ali nazo kwa iye, kuti mtima wake upepuke ndiponso kuti otsala asadzavutike. Koma malangizowo sakulekera pamenepo. Akuwonjezera kuti anthu azikumbutsidwa kawirikawiri kukonza za chuma chawo akadali athanzi.

Ndiye ngati bambo a kunyumba adzakufunsani kuti mwawaonera chiyani, mukhoza kuwayankha mwaulemu kuti simunaone kanthu, ndipo n'chifukwa chake mukuinena lero. Mpingo umene iwo amapemphera wakhala ukunena zimenezi kuyambira 1549.

Za ngongolezo tisazidumphe. Tonse tikudziwa maliro amene mtembo usanatuluke m'nyumba, munthu wafika kale ndi kabuku kuti malemu anatenga matumba a feteleza, ndipo palibe angatsutse kapena kuvomera chifukwa mwini nkhani wagona. Tikudziwanso amene anakongola kwa malemu, amene tsiku la maliro amalira kwambiri kuposa onse, koma za ngongoleyo osatchula.

Mawu oti *testament* tili nawonso m'manja Lamulungu lililonse osadziwa. Magawo awiri a Baibulo amene ife timati Chipangano Chakale ndi Chipangano Chatsopano, m'Chingerezi amatchedwa ndi mawu amenewa. Chinachitika n'chakuti m'Chigiriki munali mawu amodzi, *diatheke*, otanthauza pangano komanso wilo. Omasulira m'Chilatini anasankha *testamentum*, Chingerezi n'kutengera pomwepo, pamene omasulira m'chinenero chathu anasankha tanthauzo la pangano. Mukawerenga Ahebri 9:16-17 mupeza kuti wolemba kalatayo akugwiritsa ntchito matanthauzo onse awiri, pofotokoza kuti chikalata chotere chimayamba kugwira ntchito pokhapokha mwini wake atamwalira. Pa Agalatiya 3:15 Paulo akutenganso chitsanzo chomwecho, kuti chimene munthu watsimikiza mwa lamulo wina sangachifafanize kapena kuwonjezerapo.

Kwathu kuno

Mawuwa anafika kwathu pamodzi ndi ulamuliro wa Angerezi. Mu 1902 malamulo a ku England anayamba kugwira ntchito m'makhoti a boma la atsamunda m'dziko muno. Titalandira ufulu, lamulo lathu la mawilo ndi chuma cha masiye linakhazikitsidwa mu 1967. Pa lamulo limenelo, mwamuna akamwalira osasiya wilo, mkazi, ana ndi ena amene ankadalira malemuyo ankagawana theka la chumacho, m'madera ena osakwana n'komwe theka, ndipo chotsalacho chinkapita kwa achibale olowa mwa mwambo. Ambiri tinaona ndi maso athu zimene zinkachitika: galimoto kubwera kudzanyamula mipando, makina osokera ndi malata omwe, mayi ndi ana n'kutsala pa mphasa.

Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye. Pa lamulo limeneli, ngati palibe wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ake, ndi amene ankamudalira. Katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiyeyo. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene munthu angalipitsidwe nawo chindapusa ndi kupita kundende. Ena anganene kuti ngati lamulo latiteteza chotere, wilo ndi yachiyaninso? Yankho lili m'mawu ena a Chingerezi amene mudzawamve ku khoti kapena ku ofesi ya Administrator General, oti *intestate*. Ndi *testis* uja, mboni, ataikidwa kamawu kokana kutsogolo: munthu amene wapita osaikira umboni chifuniro chake. Zikatero ogawa ndi anthu ena. Iwo sakudziwa kuti makina osokera munalonjeza mwana wa mchemwali wanu amene munamulera, kapena kuti mbuzi zili kwa achimwene ndi zanu.

Zofunika pa wilo kwathu kuno ndi zomwe zija za mawu awiri. Choyamba chifuniro: munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo, mwamuna kapena mkazi, wa maganizo abwinobwino, wosakakamizidwa ndi wina aliyense. Chachiwiri umboni: ilembedwe, mwini wake asaine pamaso pa mboni zosachepera ziwiri, ndipo mbonizo zisainenso iye akuona, nazonso zikuonana. Sikuti mpaka ikhale ya Chingerezi. Chichewa chomwechi n'chokwanira, ndipo wosatha kulemba amadinda chala. Posankha mboni, sankhani anthu amene sakulandira kanthu m'wiloyo, kuti wina asadzapeze pogwira. Tchulanimo munthu wokhulupirika woti adzayendetse zimene mwalembazo. Chingerezi chimamutcha *executor*, kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza kutsatira chinthu mpaka pamapeto, ndiye musasankhe munthu wotopa msanga. Ndipo isungidwe pamalo poti idzapezeke. Wilo yobisidwa pansi pa matiresi imapezedwa ndi woyamba kulowa m'chipinda, amene mwina ndi yemwe sanatchulidwemo.

Popeza ndi chifuniro cha munthu wamoyo, mukhoza kuisintha nthawi iliyonse, mwana akabadwa, mukagula malo, kapena amene munamutchula akatsogola. Imagwira ntchito ndi yomaliza. Koma kufunako kuli ndi malire ake. Munthu amagawa zake zokha, choncho katundu wa mkazi salowa m'chuma cha masiye cha mwamuna wake. Ndipo ngati wina walemba wilo yomana mkazi wake kapena ana ake, khoti lili ndi mphamvu yowapatsa chowathandiza.

Chimene ndaona n'chakuti tikamakamba nkhaniyi timangoganiza za wilo ya abambo, ngati kuti ife tilibe kanthu. Mayi amene ali ndi magawo ku banki m'khonde, mbuzi zinayi, poloti imene anagula ndi ndalama za mandasi, ndi ndalama za mu foni zimene nambala yake yachinsinsi akuidziwa yekha, ali ndi chuma choti anthu angakanganirane. Mwina njira yofewa yoyambira nkhaniyi pakhomo ndi yoti mayi ayambe walemba yake, n'kupempha bambo kuti amuthandize kuganiza.

Pokambirana m'magulu, yambani ndi funso ili: kwanu munthu akafuna kusiya mawu ankaitana ndani, ndipo mawuwo ankasungidwa bwanji kuti asapotozedwe? Kenako kambiranani chifukwa chake mawu apakamwa amene ankakwanira nthawi ya agogo athu sakukwaniranso lero. Pomaliza aliyense ayese kuwerenga chamumtima, osauza mnzake, zinthu zimene ndi zakezake, ngongole zimene ali nazo ndi zimene ena ali nazo kwa iye, n'kudzifunsa kuti ndi anthu angati pakhomo pake amene akuzidziwa. Atsogoleri a magulu afunse ansembe a parishi yawo ngati mu mpingo muli loya kapena wogwira ntchito ku khoti amene angabwere pa msonkhano wotsatira kudzayankha mafunso, ndipo tsiku limenelo abambo aitanidwenso.